Mchona wa Kwathu: M'mene Tinawapezera Atsibweni M'makaundula

Abale anga a ku Chipata, a ku Angónia, a ku Harare ndi inu amene muli kutsidya kwa nyanja zamchere, mabanja ambiri a kwathu ali ndi munthu mmodzi amene dzina lake limatchulidwa motsitsa mawu. Kwathu ku Dedza munthuyo anali alongo awo a agogo anga akuchikazi, ndiye kuti atsibweni a mayi anga. Anachoka pamudzi itangotha njala ya 1949, ali mnyamata wosakwatira. Makalata anabwera awiri okha, ndipo m'kalata yachiwiri munali ndalama ya msonkho. Kenaka kunangoti zii.

Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa ku Wankie, kumene lero timati Hwange, unaphulika nupha anthu oposa 400, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Mitembo yambiri inatsala pansi, ndipo mgodiwo anautseka. Bambo wina wobwerera kumudzi ananena kuti nthawi ina anawaonapo atsibweniwo ku Wankie. Mawu amenewo anakwanira. Mbumba inakhuza maliro opanda mtembo, inameta, nkhani nithera pomwepo. Agogo okha ndiwo sanavomere. Ankati mlongo wawo ankaopa ngakhale kusuzumira m'chitsime, nanga akanatsikira bwanji m'dzenje la malasha?

Ndinayamba kufufuza chifukwa cha mawu a agogowo. Choyamba ndinapeza mndandanda wa amene anafera ku Wankie, ndipo dzina lawo munalibe. Ndinakondwa kwa tsiku limodzi lokha, pakuti mkulu wina amene anagwirako ntchito kumigodi anandikumbutsa kuti dzina la pachitupa silinali dzina la munthu nthawi zonse. Mwamuna wa kwathu ankakhala ndi dzina la paubwana, lina lolandira kudambwe, linanso la ubatizo ngati analowa mpingo. Akafika ku Rhodesia, kalaliki ankalemba monga makutu ake amvera. Ena ankasintha dzina mwadala pothawa bwana wankhanza, enanso ankayendera chitupa cha mnzawo.

Ku National Archives ku Zomba ndinakhalako masiku atatu. Malipoti a ma DC amafotokoza bwino za ulendowo: ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo ambiri ankangopita paokha, ulendo umene unkatchedwa selefu, kuwoloka Zambezi pa Tete n'kukalowera ku Mtoko. Koma boma la atsamunda linkawerenga mitu ya okhoma msonkho, silinkasunga mbiri ya mwana wa munthu. Wa selefu sankasiya phazi papepala. Ndinabwerako ndikuidziwa njira, koma woyendayo osamuona.

Chimene chinandithandiza ndi kaundula wa mpingo. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba ntchito yawo ku Mvera mu 1889, anali anthu okonda kulemba, ndipo alembi a mipingo ya Sinodi ya Nkhoma anatengera khalidwelo. M'buku lakale la ubatizo la mpingo wa kwathu, lomwe chiswe chinadya ngodya imodzi, ndinapeza dzina lawo la Chikhristu, dzina la bambo wawo ndi la mudzi. Pambali pake wina analemba ndi pensulo kuti anapatsidwa kalata yosamukira ku Salisbury. Izi zinali zomveka, pakuti mishoni yomweyo inawatsatira anthu ake ku Salisbury kuyambira mu 1912, ndipo mipingo imeneyo ndi imene inadzakhala Sinodi ya Harare ya CCAP.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu mungalakwitsenso chimodzimodzi. Ndinapempha akulu a mpingo a ku Zimbabwe kuti afufuze ndi dzina la bambo wawo, monga linalembedwa m'buku la kwathu. Chaka chinatha osapeza kanthu. Ndinaiwala kuti pepala limawerenga chibale kudzera mwa bambo, pamene ife timawerenga kudzera m'bere la mayi. Bambo wawo anali mkamwini amene ukwati utatha anabwerera kwawo ana ali aang'ono. Amene anawalera, kuwavinira ndi kuwakhomera msonkho woyamba anali malume awo, mwinimbumba. Mnyamata wotere atafunsidwa ndi kalaliki kuti ndiwe mwana wa yani, akanatchula yani? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawapempha akuluwo kuti asiye mayina, ayang'ane danga lolembapo mudzi ndi mfumu.

Patapita miyezi iwiri chithunzi cha tsamba chinafika pa WhatsApp kuchokera ku mpingo wina wa pamgodi pafupi ndi Kadoma, imene kale inkatchedwa Gatooma. Mudzi unali wathu, mfumu inali yathu, dzina loyamba linali lawo, ndipo lachiwiri linali la malume awo aja. Analembetsa kumeneko m'zaka za Chitaganya. Ku Wankie mwina anadutsako, koma ntchito yawo inali ya pamwamba, yaukalipentala. Agogo ananena zoona.

Masamba otsatira anaonetsa ukwati wawo ndi mayi wa Chishona, ndiponso ubatizo wa ana anayi. Buku la bungwe la maliro, limodzi mwa mabungwe amene anthu a ku Nyasaland ankakhazikitsa m'makomboni kuti mnzawo asaikidwe ngati galu, linali ndi zopereka zawo za mwezi ndi mwezi mpaka Zimbabwe italandira kale ufulu wake mu 1980. Tinawalira akali moyo, akupala matabwa.

Chifukwa chimene analekera kulemba sichili m'buku lililonse. Ine ndimaganiza kuti zinali manyazi. Munthu wopita kuntchito ankayembekezeredwa kubwera ndi njinga, sutikesi ndi nsalu za alongo ake, ndipo chaka chilichonse chodutsa chinkakulitsa ngongoleyo. Sindiwaikira kumbuyo, pakuti anasiya mbumba yopanda nkhoswe. Koma sindingawaweruzenso monga ndinkachitira ndili mnyamata.

Amene analipira mtengo waukulu ndi ana awo. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi, kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo. Choncho mbali iliyonse inawapereka anawo kwa inzake. Anakula akutchedwa Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, mzinda umene bambo wawo mwina sanaupondepo. Lamulo la unzika la 2001 linawasiya ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anatsegula njira kwa ana obadwira ku Zimbabwe a makolo ochokera m'maiko a SADC. Mwana wawo wamkazi woyamba anandiuza kuti nthawi yonseyo ankangodziwa mawu amodzi, akuti Dedza, osadziwa kuti ndi boma lonse.

Tsiku limene tinamuimbira, agogo anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ngati akupita kukalandira mlendo padepoti. Mayiyo Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chishona, koma moni anapereka bwino. Agogo sanafunse za matenda kapena za manda. Anati, "Iwe mwana wa achimwene, dzina lako ndani?"

Anatchula. Linali dzina la paubwana la agogo, limene pamudzi panalibenso wina wolikumbukira. Agogo anandibwezera foni, natuluka panja, nakakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa.