MBIRI YA LAMULO LA MAOLA A OYENDETSA MALOLE

Nkhani yathu lero ndi ya tulo, mdani wa woyendetsa lole, ndi m'mene Boma la Britain linalimbanirana naye.

Itatha nkhondo yaikuru m'caka ca 1918, malole anacuruka m'dzikomo, pakuti a nkhondo anagulitsa ao ambiri pa mtengo wocepa. Eni malole analimbirana katundu, ndipo wopambana anali iye amene dalaivala wace sagona. Munthu anali kuyenda usana ndi usiku. Akadandaula, nchito yatha, popeza ofuna nchito anali ambiri. Ngozi za pa mseu nazo zinacuruka: m'caka ca 1930 cokha anthu 7,305 anafa pa miseu ya Britain.

Caka comweco nduna ya za maulendo, Herbert Morrison, inapititsa lamulo lochedwa Road Traffic Act. Lamulolo linati woyendetsa lole kapena basi asapitirire maola 5 ndi theka osapuma, asapitirire maola 11 pa tsiku, ndipo apumule maola 10 otsatana. Koma cacikuru ndi ici: mlandu sunali wa dalaivala yekha. Bwana womtuma kapena womlola kupitirira maolawo anali ndi mlandu nayenso. Ndipo kunayenera kutero. Inu amene munacitapo hayala lole ya fodya kapena ya cimanga mudziwa kuti wonena kuti katundu afike mawa m'mamawa si dalaivala ai.

M'caka ca 1933 lamulo lina linati eni malole azisunga buku la maola a anchito ao. Bvuto lace, buku limalandira ciri conse cimene dzanja lalemba, coona ndi cabodza comwe. Cifukwa cace anthu anatembenukira ku makina ochedwa tachograph, amene amalemba okha liwiro la galimoto ndi nthawi imene yayenda kapena yaima. Madalaivala ambiri anawada makinawo, nawacha kazitape, ndipo Boma linazengereza kufikira khoti la Europe linaligamula m'caka ca 1979. Pomatha 1981 malole akuru sanaloledwenso kuyenda opanda makinawo.

Lamulo la maiko a Europe la 2006 linati maola akhale 9 pa tsiku, kapena 10 kawiri pa mlungu, ndi kuti dalaivala apume mphindi 45 akayenda maola 4 ndi theka.