Kuwala kwa siginala: kuchoka pa muuni kufika pa batire

Dzuwa likangomira m'nyanja usiku wopanda mwezi, munthu woima pagombe la Makanjira amaona timagetsi titandanda pamadzi ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi asodzi a usipa. Pabwato lililonse lowala pali siginala, katswiri woitana nsomba ndi kuwala n'kuzikokera kukamwa kwa khoka la chilimira.

 Wodyetsa mabanja a pagombeli kuyambira makedzana ndi usipa, kansomba kokonda kuwala. Makolo ankaukopa ndi miuni ya udzu ndi bango, yomwe inkanyeka msanga. Kenaka kunabwera nyali zopopa za Tilley. Siginala wa masiku amenewo ankawerengera usiku wake pa mabotolo a palafini, uku akutchinjiriza galasi la nyali kuti madzi asaliwaze n'kuliswa.

Zaka zaposachedwa nyalizo zalowedwa m'malo ndi mababu a LED oyaka ndi batire yagalimoto. Masamu nawo asintha. Funso la madzulo aliwonse tsopano ndi lakuti: kodi batireyi ifika mbandakucha?

Yankho linachokera kutali. Mu 1827 mphunzitsi wa ku Germany, Georg Ohm, anaonetsa kuti chinthu chilichonse chimakaniza magetsi podutsa, ndipo kukanizako kumapezeka pogawa mavoti ndi maampu. Mphamvu yomwe chinthucho chikudya, yoyezedwa m'mawati polemekeza James Watt, imapezeka pochulukitsa manambala awiri omwewo. Babu yakale yagalimoto yokoka maampu 2 pa batire ya mavoti 12 imadya mawati 24, ndipo kukaniza kwake ndi ma ohm 6. Babu ya LED ya mawati 6 imangokoka theka la ampu, n'chifukwa chake asodzi anaikonda.

Siginala akamanga mababu otere 8 pathabwa, onse pamodzi amadya mawati 48, omwe ndi maampu 4. Pa maola 10 amakhala atatapa 40Ah pa batire yolembedwa 70Ah, kuposa theka la nkhokwe yake. Akamaikama chonchi usiku ndi usiku osaitchaja mokwanira, batireyo imafa isanakalambe.

Waya nayenso ndi mbala ya mphamvu. Waya woonda, wautali, wolumikiza ndi pulasitiki ndiponso wadzimbiri chifukwa cha chinyezi akhoza kukaniza magetsi ndi ohm imodzi. Maampu 4 akadutsamo, mavoti 4 amathera m'njira ndipo mawati 16 amasanduka kutentha. Mababu amazilala, usipa umamwazika, alovi amakoka khoka lopepuka.

Magetsi a ESCOM, a mavoti 230, anayamba kuchokera ku Nkula mu 1966, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 omwe ankawunikira magetsiwo. Motero m'magombe ambiri dzuwa ndilo limatchaja batire masana pa sola, pafupi ndi thandala pomwe usipa wa dzulo ukuuma.

Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za kwa Makanjira asavutike kufunafuna chitsanzo cha lamulo la Ohm m'mabuku. Atengere ana kugombe madzulo, akawerenge mababu, mavoti ndi maampu pabwato la siginala lisananyamuke.