Chotsala chimene chinagawanitsa akatswiri a kompyuta

Kugawa nambala n'kuona chotsala ndi luso lakalekale. Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, katswiri wa masamu Euclid ankaligwiritsa kale ntchito ku Alexandria, ndipo mu 1801 katswiri wina, Gauss, analemba buku lokhazikitsa masamu a zotsala. Kwathu kuno, kwacha isanabwere mu 1971, akalaliki ankangowerengera m'mutu: mapeni 100 ndi masheleni 8, kutsala mapeni 4.

Mkangano unabuka kompyuta itafika. Aliyense amavomereza kuti 7 kugawa pawiri ndi 3, kutsala 1. Nanga -7? Fortran, chinenero cholembera mapulogalamu chomwe IBM inatulutsa mu 1957, imakokera yankho ku ziro: -3, kutsala -1. Olemba malamulo a chinenero cha C mu 1989 anaizemba nkhaniyi, n'kuti aliyense adzionere yekha, moti pulogalamu imodzi inkatha kupereka mayankho osiyana pa makina osiyana. Anadzagamula mu 1999, potsata Fortran. Komatu katswiri wa kompyuta Donald Knuth anali atalemba kale mu 1968 kuti yankho lizitsikira pansi: -4, kutsala 1. Njira zonsezi zimabwezadi -7 mukachulukitsa n'kuphatikiza chotsala, koma ine ulemu ndimapereka kwa Knuth. Tayesani kubweza wotchi maola 5 kuchokera pa 2 koloko. Chizindikiro cha %, chopezera chotsala, mu C chikupatsani -3, ola limene palibe analionapo. M'chinenero cha Python, momwe woyambitsa wake Guido van Rossum anatsata njira yotsikira pansi, mupeza 9 koloko. Chizindikiro cha //, chogawira motsikira pansi, chinalowa mu Python mu 2001, ndipo mu 2008 Python 3 inalekanitsiratu kugawa kwa manambala athunthu ndi kwa madesimo.

Ku Biwi, komwe masitolo a zipangizo za galimoto ali mbwee, nkhaniyi njosavuta. Amakaniko awiri ali ndi ngongole ya K7,000, ndipo m'matumba muli ma K1,000 okhaokha. Mwa njira ya C, aliyense apereka atatu, ngongole ya K1,000 n'kutsalabe m'kabuku. Mwa njira ya Knuth, aliyense apereka anayi, mwini sitolo n'kubweza chenji. Simungafunse kuti wamalondayo angasankhe iti.

Choncho inu achinyamata a ku Biwi ndi ku Kawale amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, musanapereke pulogalamu yowerengera ngongole kwa bwana wa sitolo, yambani mwaiyesa ndi nambala ya pansi pa ziro.