Zotsukira Nyali za Galimoto: Kuchokera ku Chisanu cha ku Sweden Kufika ku Fumbi la ku Chelstone

Magalimoto ambiri amene amadutsa ku Chelstone, dera lakummawa kwa Lusaka lomwe lili m'mbali mwa msewu wa Great East panjira yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, anapangidwa poganizira nyengo ya maiko ena, ndipo umboni wake ndi tizivindikiro tiwiri tomwe timaoneka pa bampala, m'munsi mwa nyali zakutsogolo za ena mwa magalimotowa. Kuseri kwa tizivindikiroti kumabisala timipope tomwe timatuluka madzi akatikankha, n'kupopera pa nyali mwamphamvu kuti dothi lichoke. Chipangizochi chinayamba chifukwa cha chisanu, pomwe ku Lusaka chimawonongeka pa zifukwa zina zomwe ochipanga sanaziike patsogolo.

Mbiri yake inayambira ku Sweden, kumene m'nyengo yozizira usiku umatalika kwambiri ndipo misewu imathiridwa mchere ndi mchenga pofuna kuti matayala asaterereke pa madzi oundana. Matope osakanizika ndi mcherewo amathovukira pa nyali n'kuumirapo chifukwa cha kutentha kwa babu, moti kuwala kumachepa woyendetsa asanapite patali. Mu 1970 kampani ya Saab inaika timawaipa ndi timipope pa nyali za galimoto yake ya Saab 99, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1970 boma la Sweden linalamula kuti magalimoto atsopano azikhala ndi zotsukira nyali. Nkhaniyi inakula mu 1991 pamene BMW inatulutsa nyali za xenon, zomwe zimawala pogwiritsa ntchito mpweya wotsekeredwa m'babu m'malo mwa kawaya koyaka. Popeza dothi limamwaza kuwala kotereku n'kuthobwa m'maso oyendetsa ochokera kutsogolo, malamulo a ku Ulaya anadzafuna kuti nyali zoposa malumeni 2,000, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, zikhale ndi chozitsukira. Timawaipa tinasiyidwa pang'onopang'ono pamene nkhope za nyali zinayamba kupangidwa ndi pulasitiki, yemwe sachedwa kukalika akamakhulidwa ndi mchenga, ndipo m'malo mwake munalowa pampu yamphamvu yongopopera madzi.

Kumaiko ozizirawo mdani wamkulu wa chipangizochi ndi madzi ake omwe. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse, ndipo kufufumako kumang'amba thanki, kuphulitsa mapaipi ndi kuswa pampu, pomwe timipope timakanirira kunja kapena m'kati mwa bampala. N'chifukwa chake madzi otsukira a m'nyengo yozizira amasakanizidwa ndi methanol kapena ethanol, mitundu ya mowa wa m'mafakitale yomwe imachititsa kuti madziwo asaundane ngakhale kuzizire kufika madigiri 20 pansi pa ziro. Ku Japan nako makampani amagulitsa magalimoto okonzedwa mwapadera kuti azikayenda kumadera achisanu monga Hokkaido, okhala ndi batire lalikulu ndi waya wotenthetsa m'munsi mwa galasi lakutsogolo kuti mawaipa asamatirire.

Kuti zipangizo zotere zifike ku Zambia panafunika kusintha kwa ndale. M'nthawi ya ulamuliro wa Kenneth Kaunda ndalama zakunja zinali zosowa, galimoto inali ya boma, ya kampani kapena ya anthu ochepa opeza bwino, ndipo ma Fiat olumikizidwa pa Livingstone Motor Assemblers ndiwo ankadziwika m'misewu. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 linamasula malonda, kampani ya mabasi ya UBZ inagwa, ndipo maminibasi ndi magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito anayamba kulowa mwaunyinji. Ambiri anachokera ku Japan, kumene galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse pamtengo womwe umakankha eni ake kuigulitsa ikadali yabwino, ndipo ena anachokera ku UK. Maiko awiriwa amayendetsa kumanzere ngati Zambia, choncho chiwongolero sichinafunike kusintha. Magalimotowa amatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera mu Zambia pa Nakonde, kapena ku Durban ndi ku Walvis Bay. Zotsukira nyali zinayamba kuoneka pa magalimoto akuluakulu a m'madera a Lusaka monga Kabulonga ndi Woodlands, koma pamene magalimotowo ankakalamba n'kumasintha manja zinafikanso ku Chelstone ndi Kabwata.

Ngakhale kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka anthu kuvala zikhoti, chisanu choumitsa madzi chimagwa mwa apo ndi apo m'madambo basi, ndipo sichikhalitsa mokwanira kuumitsa thanki yomwe ili pafupi ndi injini. Chomwe chimapha timipope kuno ndi madzi a pansi pa nthaka. Mzindawu unamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo gawo lalikulu la madzi ake, kupatula opopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue, limachokera m'zitsime zobooledwa m'miyalayo. Madzi oterewa akauma amasiya zoyera zolimba, zomwe zimaonekanso m'ketulo ya pakhomo, ndipo tizibowo ta timipope timatsekeka nazo mwakachetechete. Achinyamata otsuka magalimoto m'mbali mwa msewu, omwe ntchito yawo inakula limodzi ndi malonda a magalimoto akunja, nthawi zambiri amadzaza thankiyo ndi madzi a m'chidebe n'kuthiramo sopo wochapira zovala, ndipo sopoyo amatsika pansi n'kumata kasefa ka pampu. Sizoyenera kuwaimba mlandu wonse, chifukwa botolo la madzi otsukira a m'sitolo ndi ndalama ina yomwe mwini galimoto saona chifukwa choitayira, makamaka poti zotsukira nyali zimamwa madzi ochuluka pa kupopera kumodzi.

Amakanika a mumzindawu anapeza njira zawozawo. Kabowo kotsekeka amakatokosa ndi singano, paipi yong'aluka amaimanga kapena kuitseka kuti madzi onse atsalire galasi lakutsogolo, ndipo chivindikiro chikagwa m'maenje a m'misewu ya m'makomboni, china chimasakidwa kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa kapena bowolo limangomatidwa. Kawirikawiri fyuzi ya pampuyo imazulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chodandaulitsa n'choti fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, komanso matope a m'nyengo ya dzinja pamene mvula yayamba mu Novembala, zimaphimba nyali mofanana ndi mchere wa ku Sweden, pa msewu wa Great East womwe mabasi ndi mathiraki opita ku Chongwe ndi Chipata amadutsanapo ndi anthu oyenda pansi. Palinso vuto lomwe madzi sangalithetse: dzuwa lamphamvu limaotcha utoto woteteza pulasitiki wa nyali mpaka kusanduka wachikasu ndi wachifunga. Apa panabadwa ntchito ina ya anthu opala nyali ndi sandipepa wosalala n'kuzipukuta ndi polishi, yomwe imafunidwa kwambiri ndi amene akukonzekera kukayezetsa galimoto ku RTSA, bungwe loona za pamsewu lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002. Kuwalako kumatha pakapita miyezi ngati pamwamba pake sipanapakidwenso utoto woteteza ku dzuwa, ndipo galimotoyo imabwereranso kwa wopala uja.