Makolo a ku Chipata ndi ana awo akutali

Masiku ano kholo litha kukhala ndi mwana amene akugwira ntchito kumalekezero a dziko, kumene dzuwa limatha milungu yambiri osatuluka. Ku Antarctica, pa siteshoni ya South Africa yotchedwa SANAE IV, kagulu kochepa ka anthu kamakhala kupitirira chaka, ndipo chisanu chikafika palibe sitima yokawatenga. Nkhawa ya kholo lotere ingaoneke yachilendo kwathu kuno, komatu midzi yozungulira Chipata yakhala nayo kwa zaka zoposa 120. Mbiri ya midzi imeneyi ikuonetsa kuti chimene chinkasautsa makolo kuposa kutalika kwa mtunda chinali kusamva za mwana wawo.

Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingu, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Malo aakulu anagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo pafupi ndi Fort Jameson, boma limene lero ndi Chipata, azungu anatsegula mafamu a fodya. Posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama. Nanga mnyamata wopanda ng'ombe, wolima nthaka yopanikizana, akanaipeza kuti ndalama ya msonkho ndi ya malowolo? Mafamu apafupi ankalipira zochepa. Motero anyamata ankanyamuka wapansi, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi ku Tete kapena ku Feira, kulowera ku migodi ndi mafamu a ku Halale, ku malasha a ku Wankie, ena mpaka ku Joni. Ena ankatengedwa ndi Rhodesian Native Labour Bureau, bungwe limene anthu ankalitcha chibalo. Pambuyo pake migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt nayo inayamba kukoka anthu.

Kholo lotsala kumudzi linalibe njira yodziwira ngati mwana wafika. Linkadalira munthu wobwerera kwawo atanyamula bulangete kapena mashilingi angapo, komanso kalata yowerengedwa ndi mphunzitsi wa sukulu za mishoni monga ya Magwero, imene inayamba mu 1899. Apa mpamene pagona nkhani. Mwana wolemba kalata, ngakhale atatha zaka khumi, mudzi unkamuwerengabe: mkazi wake ankamudikira, munda wake unkasungidwa, ndipo pokamba za banja dzina lake linkatchulidwa. Koma wokhala chete, ngakhale atakhala pafupi, ankasanduka tchona, ndipo makolo ake sankadziwa ngati amulire kapena amuyembekezere. Maboma achitsamunda omwe anaiona mbali imeneyi. Mu 1936 Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anapangana za kayendedwe ka antchito, ndipo m'zaka zotsatira anayamba kumasunga gawo la malipiro kuti munthu akalandirire kwawo. Chowawa kopambana chinachitika pa 6 Juni 1972, mgodi wa Wankie utaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Mitembo yambiri sinatulutsidwe, mgodiwo unatsekedwa, ndipo mabanja analira maliro opanda manda akwawo.

Wina anganene kuti maulendowa anapindulitsa midzi. N'zoona: kunabwera njinga, makina osokera, makasu a ng'ombe, ndipo makola ena amene anauma mu 1898 anadzazidwanso ndi ndalama za ku Halale. Sitingakane zimenezi. Koma tifunse amene analipira mtengo wake. J. A. Barnes, amene anafufuza za Angoni a ku Fort Jameson m'zaka za m'ma 1940, anapeza amuna ambiri amsinkhu wogwira ntchito kulibe m'midzi. Kulima, kufolera nyumba ndi kulera ana zinatsalira amayi ndi nkhalamba, ndipo mwamuna akadwala chifuwa cha mumgodi kapena akakalamba, ankabwerera kudzasamalidwa ndi anthu omwewo. Ndiponso phindulo linkafika pakhomo pokhapo pamene mwana sanadule mauthenga. Pakhomo pa tchona pankatsala ntchito yowirikiza popanda cholowa.

Winanso anganene kuti zonsezi n'zakale, popeza mwana wa lero amapita mwa kufuna kwake ndipo ali ndi foni m'thumba. Kusiyanako kulipodi, ndipo n'kwakukulu. Komabe foni yangochotsa chowiringula, pakuti mwana wokhala ku Lusaka, ku London kapena pa madzi oundana a ku Antarctica atha kukhalabe chete miyezi yambiri. Agogo athu ankayenda mtunda kufunafuna wowalembera kalata imene inkatha milungu m'njira. Inu amene muli kutali ndipo makolo anu akadali moyo ku Mtenguleni, ku Chadiza kapena ku Katete, aimbireni sabata ino, muwauze kumene muli, mmene mukukhalira ndi nthawi imene mudzabwere.