Mayunitsi ndi bandulo: momwe ndalama zimathera pafoni

Mayunitsi ndi ndalama zimene munthu amalipiratu kukampani ya foni, monga Airtel kapena TNM, asanaimbe. Bandulo ndi muyeso wa intaneti kapena mphindi zoimbira umene amagula ndi mayunitsiwo, kapena kudzera pa Airtel Money (*211#) ndi Mpamba (*444#). Nthawi zambiri bandulo imakhala ndi malire awiri: kukula kwake ndi nthawi yake, kaya tsiku, sabata kapena mwezi.

Vuto limabuka bandulo ikatha intaneti ili chiyatsire. Foni imatha kuyamba kudya mayunitsi pamtengo wokwera, mwini wake osadziwa. Wogula mbatatesi pamsika wa Kabwazi ku Dedza, pofuna kuimbira mwini lole ku Lilongwe, amangozindikira kuti mufoni mulibe kanthu katundu ali kale m'matumba. Zimene zimamwa bandulo mwakachetechete ndi makanema a pa WhatsApp olowa okha mufoni ndi mapulogalamu odzikonzanso okha. Zonsezi zimatsekeka pa settings.

Ngongole ya Kutapa ya Airtel kapena Pasavute ya TNM imapulumutsa zikavuta, koma kampani imadula ngongoleyo ndi kachiwongoladzanja munthu akangothira mayunitsi ena. Madandaulo amene kampani yalephera kuthetsa amapita kubungwe la MACRA.