Mayeso Osankhira Ana Amphatso M'sukulu za Boma ku America

M'sukulu zambiri za pulayimale za boma ku United States muli maphunziro apadera a ana amene nzeru zawo zimaoneka kuti zaposa msinkhu wawo. Maphunzirowa amatchedwa gifted and talented, mwachidule G&T, ndipo mwana salowamo chifukwa choti makolo afuna: amachita kusankhidwa. Boma la ku Washington silikakamiza sukulu kukhala nawo. Lipoti la Sidney Marland, yemwe panthawiyo anali mkulu wa zamaphunziro m'dzikolo, linafika ku nyumba ya malamulo mu 1972 n'kunena kuti mwa ana 100 aliwonse, atatu mpaka asanu ndi amphatso, ndipo linati mphatso si luntha lokha, komanso kukhoza phunziro linalake, kupeka zatsopano, utsogoleri ndi luso la zojambula kapena zoimba. Koma zoti mwana wamphatso ndi uti, chigawo chilichonse chimadzigamulira chokha, nthawi zina ofesi ya maphunziro ya dera lililonse. Mwana wotchedwa wamphatso ku Florida akhoza kusamukira kwina dzina lija n'kutsala m'mbuyo.

Mayeso ake ali pawiri. Ena amafunsa zimene mwana anaphunzitsidwa, monga kuwerenga ndi masamu. Ena amayesa kaganizidwe, ndipo awa ndiwo amalemera kwambiri posankha. Gwero lawo ndi mayeso amene Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza ku Paris mu 1905 pofuna kupeza ana otsalira m'kalasi kuti athandizidwe. Lewis Terman wa ku yunivesite ya Stanford anawakonzanso mu 1916, nakhala Stanford-Binet, ndipo chida chopezera otsalira chinasanduka chopezera otsogola.

Stanford-Binet ndi mayeso a Wechsler, omwe ndi WISC ya ana a sukulu ndi WPPSI ya ana ocheperapo, amafuna katswiri wa zamaganizo kukhala ndi mwana mmodzi pafupifupi ola limodzi, nthawi zina kupitirira. Ndi odalirika koma odula. N'chifukwa chake sukulu za boma zimakonda mayeso otchipa omwe ana ambiri angalembe nthawi imodzi: CogAT, OLSAT ndi NNAT. CogAT ili ndi zigawo zitatu, cha mawu, cha manambala ndi cha zithunzi. NNAT, yomwe anakonza Jack Naglieri, ilibe mawu n'komwe. Mwana amaona timabokosi tokhala ndi zojambula zosintha mwa dongosolo, mwina kachizunguliro kakukulirakulira kapena kamzere kakutembenuka, bokosi limodzi lili lopanda kanthu. Pansi pali mayankho asanu, iye asankhepo loyenera kulowa pamenepo. Cholinga chinali choti mwana wosadziwa bwino Chingerezi asaponderezedwe, ngakhale akatswiri sagwirizana ngati zithunzi zimachotsadi kusiyana kumene kumayambira kunyumba.

Pepala la zotsatira ndiye limasokoneza makolo ambiri, pakuti limabwera ndi manambala angapo. Loyamba ndi raw score, chiwerengero cha mafunso amene mwana wakhoza. Palokha silinena kanthu, chifukwa mafunso 30 kwa mwana wa zaka zinayi ndi miyezi iwiri si chimodzimodzi ndi mafunso 30 kwa mnzake wongotsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu. Choncho nambalayo imayerekezedwa ndi norm group, gulu lalikulu la ana a m'dziko lonse amene kampani yokonza mayeso inawayesa kale, ndipo mwana amaikidwa pakati pa obadwa nawo miyezi yoyandikana. Apa pamatuluka standard score. Wapakatikati amapatsidwa 100, ndipo kutalikirana ndi pakatipo kumayezedwa ndi mlingo wotchedwa standard deviation, womwe pa mayeso a Wechsler ndi mapointi 15, pa CogAT 16. IQ ya 130 ndi milingo iwiri pamwamba pa 100, malo amene amafikako ana pafupifupi awiri okha mwa 100.

Nambala imene imatchuka pakamwa pa makolo ndi percentile. Mwana wa percentile 97 sikuti wakhoza mafunso 97 mwa 100. Zikutanthauza kuti ana 100 amsinkhu wake ataimikidwa pamzere, iye angapose pafupifupi 97 mwa iwo. Ndi pozishoni, si malikisi. Ndipo masitepe ake si ofanana: pakati pamzere ana ndi othithikana, kotero mafunso awiri angamukweze mwana masitepe angapo, pomwe kumapeto 99 imaphatikiza mwana wochenjera ndithu ndi wina wosowa mnzake m'tauni yonse. Mayeso akakhala kuti alibe mafunso ovuta okwanira kusiyanitsa awiriwa, akatswiri amati afika pa denga. Palinso stanine, yogawa ana m'magulu 9, lapamwamba kwambiri lili ndi ana anayi mwa 100.

Nambala iliyonse mwa izi ili ndi mpata wolakwika, umene umatchedwa standard error of measurement. Katswiri wosamala salemba 128 yokha; amalembanso kuti nambala yeniyeni ikhoza kukhala mapointi angapo pansi kapena pamwamba. Tsono mwana wa 128 ndi wa 131 n'kutheka kuti sasiyana konse, koma malire akakhala pa 130 wina amalowa, wina amatsala. Kwa ana aang'ono vutoli limakula. Wa zaka zinayi akhoza kudzuka ndi chimfine, kuchita manyazi ndi mlendo womufunsa, kapena kutopa mafunso asanathe n'kumangoloza paliponse. Ndipo amene wakhoza mopitirira tsiku lina, akayesedwanso kawirikawiri amatsikako pang'ono kulowera pakati, chifukwa mwayi wa tsiku loyamba subwera kawiri. Terman mwiniyo, posonkhanitsa ana oposa 1,500 a IQ yapamwamba ku California kuyambira mu 1921, anasiya kunja anyamata awiri, William Shockley ndi Luis Alvarez, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel pa sayansi.

Malire olowera, cutoff, amaoneka ngati mzere wolekanitsa amphatso ndi ena onse, koma kwenikweni amatsata malamulo a malowo ndi kuchuluka kwa mipando. Florida imafuna IQ ya 130, koma imalola madera kukhala ndi njira yachiwiri, Plan B, ya ana a m'mabanja osauka ndi ophunzira kumene Chingerezi, ndipo ku Broward County malire a njirayi anali 116. Mzinda wa New York, kuyambira mu 2008 Joel Klein ali mkulu wa sukulu, unkayesa ana a zaka zinayi ndi OLSAT pamodzi ndi mayeso a Bracken, omwe pambuyo pake analowedwa m'malo ndi NNAT. Percentile 90 inkaloleza mwana kufunsira malo m'kalasi ya G&T ya m'dera lake, 97 ku sukulu zisanu zotenga ana mumzinda wonse, monga Anderson ndi NEST+m. Kuloledwa kufunsira sikunali kupeza malo. Ana pafupifupi 15,000 ankayesedwa chaka chilichonse polimbirana mipando ngati 2,500 ya kindergarten, ndipo ku sukulu zisanu zija ngakhale a 99 ankachuluka kuposa malo, mpaka maere ndi kukhala ndi mkulu wako pasukulupo n'zimene zinkagamula. Makolo opeza bwino ankalipira aphunzitsi apadera ndi kugula mabuku okonzekera, mwana n'kulowa m'chipinda atazolowera kale timabokosi tija. Madera ena osauka a ku Bronx ndi Brooklyn anatsala opanda kalasi ya G&T chifukwa ofika pa 90 anachepa. Ana akuda ndi a Chilatino, amene ndiwo ambiri m'sukulu za mzindawo, anali ochepa m'makalasiwa. Mipando pafupifupi itatu mwa inayi inali ya azungu ndi ochokera ku Asia.

Funso lakuti ndani amayesedwa limabwera malire asanabwere, ndipo mwina ndilo lalikulu koposa. Njira yakale ndi referral: mphunzitsi kapena kholo amapereka dzina la mwana. Kholo losadziwa kuti mayesowo alipo silipereka dzina. Kafukufuku wa Jason Grissom ndi Christopher Redding wa mu 2016 anapeza kuti ana akuda okhoza mofanana ndi azungu sankasankhidwa mofanana, ndipo mpatawo unkachepa kwambiri mphunzitsi akakhala wakuda. Njira ina ndi universal screening, kuyesa mwana aliyense osadikira dzina. Broward County inayamba kutero mu 2005 ndi ana onse a giredi 2. Ofufuza David Card ndi Laura Giuliano anaonetsa kuti ana osauka, akuda ndi a Chilatino opezeka amphatso anachuluka kwambiri, malire a IQ asanasinthidwe mpang'ono pomwe. Ndalama zitavuta ntchitoyo inadulidwa, chiwerengero chija n'kubwerera pansi.

Madera ena amagwiritsa ntchito local norms, kuyerekeza mwana ndi anzake a pasukulu pomwepo osati a dziko lonse, poganiza kuti wosowa zomukwanira m'kalasi ndi amene wawasiya kutali okhala nawo. Ena amaphatikiza zinthu zingapo: mayeso, ntchito za m'kalasi, ndemanga za mphunzitsi. Katswiri wina, Joseph Renzulli, anapereka maziko a maganizo amenewa mu 1978 ponena kuti mphatso imaonekera pomwe nzeru zoposa zapakatikati zakumana ndi luso lopeka komanso khama. Kaphatikizidwe kake n'kofunika kukayang'anitsitsa. Lamulo likati mwana akhoze ichi ndi icho, khomo limachepa. Likati ichi kapena icho, limakula. Amene amavutika kwambiri ndi khomo lopapatiza ndi otchedwa twice exceptional, ana anzeru zakuya amene alinso ndi vuto monga dyslexia, lomwe limatsitsa nambala yawo yonse.

Ku New York mayeso a ana a zaka zinayi anatha mu 2021, komiti ya maphunziro itakana kuwonjezera mgwirizano ndi Pearson, kampani ya mayesowo. Meya Bill de Blasio analengeza kuti makalasiwo athetsedwa pang'onopang'ono, koma Eric Adams atalowa m'malo mwake anawasunga, ndipo mu 2022 anawonjezera mipando 100 ya kindergarten ndi 1,000 ya giredi 3. Pa dongosolo la mu 2022 limeneli aphunzitsi a pre-K, kalasi ya ana asanalowe kindergarten, ndiwo ankapereka maina a ana oti alowe m'maere, ndipo ku giredi 3 ankaitanidwa ana 10 mwa 100 amene anatsogola pa malikisi a giredi 2 pasukulu yawo.